Ng'ombe ikamakhala osatenga bere: fufuzani izi musanaikweze lole

Dandaulo ili silikutha m'makola a kuno ku Chigwa cha Shire. Kaya ndi ku Ngabu, ku Bangula kapena kutsidya ku East Bank, mawu ake ndi amodzimodzi. Ng'ombe inabereka chaka chatha, thole lakula mpaka kumadya udzu lokha, koma make bere osatenga. Ena amati nkhunzi ikuikwera ndithu mwezi ndi mwezi koma palibe chikuoneka. Mapeto ake ng'ombeyo imatchedwa chumba, ndipo tsiku la msika imakwera lole ya ogula nyama.

Zimandipweteka mtima, chifukwa ng'ombe zambiri zopita kokaphedwa ndi dzina limeneli sizinaume ayi. Pali penapake m'thupi mwake pamene ntchito yaima, kapena ntchito ikuyenda bwino koma ife sitikuona. Kuti tipeze pamene pavuta, tiyambe tamvetsa mmene dzira limakhwimira ndi kutuluka.

Zimene zimachitika m'thupi

Ng'ombe yaikazi imene ilibe bere imafuna nkhunzi pakatha masiku pafupifupi 21. Ina imafulumira pa masiku 18, ina imafika 24, zonsezo n'zabwinobwino. Chiwongolero chake chili kumutu. Mbali ina ya ubongo yotchedwa hypothalamus imatulutsa homoni (mankhwala a m'thupi onyamula uthenga) ya GnRH modukizadukiza, ikatulutsa pang'ono n'kuyamba yapuma. Homoniyo imakafika pa kachiwalo kakang'ono ka pansi pa ubongo, pituitary, ndipo iko kamathira m'magazi mahomoni ena awiri, FSH ndi LH. Awiriwa ndi amene amakagwira ntchito pa matumba awiri a mazira amene ali pafupi ndi chiberekero.

Dzira lililonse limakhala m'kathuza kake kamadzi, kamene madokotala a ziweto amati follicle. FSH ikakwera, timatuza tingapo timayamba kukulira pamodzi. Zimafanana ndi phando limene mwamera chimanga chambiri, mlimi n'kupatulira kusiya chimodzi. Kathuza kamodzi kamapitirira tinzake, n'kuyamba kutulutsa mahomoni a estrogen ndi inhibin, ndipo ziwirizi zimatsitsa FSH. Tinato timafota chifukwa chosowa FSH, koma kopambanako kamakhala katayamba kale kudalira LH, choncho kamapitiriza kukula.

Zimenezi zimachitika kawiri kapena katatu m'masiku 21 aja, koma si ulendo uliwonse umene dzira limatuluka. Chimatsekereza ndi progesterone. Pamalo pamene panatuluka dzira lapitalo pamamera kachotupa kachikasu, corpus luteum, ndipo ntchito yake ndi kutulutsa progesterone, homoni yosunga bere. Progesterone ikakhala yambiri, LH imangobwera mwa apo ndi apo, kathuza sikafikapo, kamafota, ndipo gulu lina limayambanso. Pofika tsiku la 16 mpaka 18, ngati m'chiberekero mulibe kamwana kopereka chizindikiro, chiberekerocho chimatulutsa homoni ina, prostaglandin. Iyeyu amapha corpus luteum, progesterone n'kugwa.

Masiku owerengeka otsatira apa ndi amene nkhani yonse yagona. LH imayamba kubwera pafupipafupi, kathuza kamakula msanga, estrogen imachuluka. Estrogen ndi imene imasintha khalidwe la ng'ombe, kuichititsa kulira, kusakhazikika, kutulutsa chikazi ndi kuima nji ikamakweredwa. Ikafika pachimake imachititsanso pituitary kutulutsa LH yochuluka kwambiri nthawi imodzi, ndipo kusefukira kwa LH kumeneku ndi kumene kumaphulitsa kathuza kuti dzira lituluke. Dziralo limatuluka patatha maola 24 mpaka 32 kuchokera pamene ng'ombe inayamba kuima, kutanthauza kuti limatuluka ng'ombe itasiya kale kufuna nkhunzi. Likatuluka silikhalitsa: pakatha maola 6 mpaka 12 mphamvu yake yatha.

Mbuzi, nkhosa, nkhumba ngakhale anthu, mahomoni ake ndi omwewa, kusiyana ndi masiku chabe. Kalulu ndi mphaka ndi amene ali ndi njira yawoyawo, poti dzira lawo limadikira kukweredwa kuti lituluke.

Kodi sikufunadi nkhunzi, kapena simukuiona?

Musanachite china chilichonse, itanani alangizi a ziweto aiyeze bere. Pakatha miyezi iwiri chikwereni, dzanja lodziwa limatha kulimva. Ng'ombe ya bere kawirikawiri sifuna nkhunzi chifukwa corpus luteum ikadalipo, ndipo pa ziweto zimene zimadyera pamodzi kudambo, nkhunzi ya mnansi imatha kukwera mwini wake osadziwa. Zimachitika ndithu kuti ng'ombe yogulitsidwa monga chumba imapezeka ndi mwana m'mimba poitumbula.

Ngati ilibe bere, funso lotsatira ndi lakuti ndani amaiyang'ana, ndipo nthawi yanji. Ng'ombe zathu zalinunda, Malawi Zebu ndi zosakanizika ndi Brahman, zimaima nthawi yaifupi kuyerekeza ndi za mkaka zochokera kunja, kawirikawiri maola 10 kapena kucheperapo, ndiponso zimakonda usiku. M'miyezi yotentha zimabisa kwambiri. Ng'ombe ingathe kuyamba kufuna nkhunzi dzuwa litalowa n'kumaliza kusanache, ili m'khola limene mulibe nkhunzi. M'mawa mnyamata woweta amangotsegula chipata, ulendo wa kudambo, ndipo mukamufunsa madzulo amakuyankhani moona mtima kuti, "Ayi bambo, sindinaone kanthu."

Lowani nokha m'khola mbandakucha, ziweto zisanatuluke, ndiponso madzulo zikabwera. Imani mphindi 20 kapena 30 osazisokoneza. Ngakhale simunaone kukwerana, usiku umasiya umboni. Ubweya wa pamwamba pa tsinde la mchira umakhala wonyankhalala, mwina khungu lasupuka pang'ono. M'nthiti mumakhala matope kapena ndowe zopakidwa ndi miyendo ya inzake imene imaikwera. Chikazi choyera, chonanda, chimalendewera kapena chaumira pamchira ndi m'ntchafu. Kumaliseche kumatupa ndi kufiira. Ng'ombe imene ikukwera inzake mwina yayandikira chabe. Imene yafikapo ndi imene ikuima osathawa.

Pakatha tsiku limodzi mpaka atatu, ng'ombe zina, makamaka misoti, zimaonetsa timagazi pamchira. Alimi ena amati ndiye kuti bere lagwira, ena amati lachoka. Timagazito sitinena chilichonse za bere. Timangokuuzani kuti ng'ombe inafuna nkhunzi masiku apitawo, ndipo ndi uthenga wothandiza: werengani masiku 18 kapena 19 kuchokera pamenepo, n'kuyamba kudikirira.

Zonsezi lembani m'kope, ngakhale kope la ana a sukulu. Dzina la ng'ombe, tsiku lobereka, tsiku limene munaona chizindikiro, tsiku lokweredwa. Popanda masiku olembedwa, ngakhale dokotala amangoganizira.

Ikakhala kuti yaimadi

Apa ndi pamene ng'ombe zambiri za kuno zimakodwa, ndipo zifukwa zake ndi ziwiri zoyendera limodzi, njala ndi kuyamwitsa.

Ng'ombe ikangobereka, FSH sichedwa kubwerera, ndipo timatuza timayamba kukula pasanathe milungu iwiri. Chimene chimasowa ndi LH yobwera pafupipafupi. Ubongo umayeza mphamvu imene ili m'thupi, ndipo ukaona kuti imene ikutuluka ndi mkaka ikuposa imene ikulowa ndi udzu, umachepetsa GnRH. Kathuza kamakula, kufika pena n'kufota, lina gulu n'kuyamba, osafika potulutsa dzira. Thole nalo limawonjezera. Kuyamwa kwake, ngakhale kungokhala pafupi make akuliona ndi kulinunkhiza tsiku lonse, kumatsitsanso LH, ndipo ng'ombe zalinunda zimamva zimenezi kuposa mitundu ina. Oweta nkhumba amadziwa kale: ukaletsa ana kuyamwa, make amafuna mwamuna pakatha masiku 4 mpaka 7.

Tsono onani mmene chaka chathu chilili. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, kumtunda udzu umakhala utapsa kapena wauma gwa, ndipo ziweto zimayenda mtunda wautali kutsata msipu ndi madzi m'mbali mwa Shire ndi ku Elephant Marsh. Ng'ombe yobereka nthawi imeneyi imayamwitsa ndi thupi lake lomwe. Madzi akasefukira, monga zinachitikira mu 2015 komanso ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, msipu umakwiririka ndi mchenga ndi matope, ndipo ng'ombe zimene zapulumuka zimatenga nthawi kuti thupi libwerere. Mwini wake amadabwa chaka chotsatira kuti matole achepa, osakumbukira kuti kuchepako kunayamba ndi njala ija.

Iyang'aneni cha kumbuyo ndi cham'mbali. Ngati mukutha kuwerenga nthiti muli chapatali, mafupa a m'chiuno atuluka, ndipo patsinde pa mchira pachita dzenje, musafunenso chifukwa china. Palibe jakisoni amene angalowe m'malo mwa chakudya. Chimene chimadzutsa LH ndi thupi limene layamba kubwerera, choncho ngakhale isananenepe, ikangoyamba kuwonjezera thupi zinthu zimasintha.

Zodyetsa zilipo, chovuta ndi kuzisunga nthawi yake. Mapesi a mapira ndi a chimanga, zotsalira za mtedza ndi khobwe, zisamatenthedwe m'munda. Ziunjikeni pathandala pamthunzi. Nyemba za nsangu zimagwa nthawi yeniyeni ya njala ndipo zili ndi chakudya chomanga thupi. Madeya ochepa tsiku ndi tsiku, masamba a lukina osakaniza ndi udzu, nsonga za nzimbe kwa amene ali pafupi ndi minda ya ku Nchalo, ndi mchere wonyambita umene uli ndi phosphorous, zonsezi zimathandiza. Ngati chakudya n'chochepa, musachimwaze khola lonse. Patulani zoyamwitsa, makamaka zimene zabereka koyamba, poti izo zikukulabe kwinaku zikuyamwitsa, ndipo ndi zimene zimachedwa kwambiri kubwerera.

Kumbali ya thole, likakwana miyezi iwiri mungathe kulipatula kuti liziyamwa kamodzi kapena kawiri patsiku m'malo motsatira make kulikonse. Njira ina ndi kulichotsa kwa maola 48, kuliika poti make saliona, lili ndi madzi ndi udzu wofewa, kenako n'kulibweza. Njirayi imagwira pa ng'ombe imene thupi lake lili pakatikati. Pa yowondetsetsa mungovutitsa thole pachabe. Komanso amene mumakama, kumbukirani kuti mkaka wa banja ndi wa thole ukuchokera m'thupi limodzi lomwelo.

Ng'ombe imene ikudya koma osanenepa ili ndi china chikuidya. Zodyera m'madambo zimagwidwa ndi nyongolotsi za m'chiwindi, zoyandikana ndi nkhalango zimalumidwa ndi kashembe, ndipo nkhupakupa zili paliponse. Zonsezi zimatha magazi, ndipo ng'ombe yopanda magazi imasiya kufuna nkhunzi.

Dziwaninso kuti dzira loyamba ng'ombe itabereka nthawi zambiri limatuluka mwakachetechete, popanda zizindikiro, chifukwa ubongo umafuna uyambe walawa progesterone kuti estrogen iugwire bwino. Chiberekero nacho chimafuna masiku pafupifupi 40 kuti chibwerere m'malo. Choncho m'miyezi iwiri yoyamba musade nkhawa. Miyezi itatu ikadutsa kuli zii, pamenepo yambani kufufuza.

Ikamakweredwa koma n'kumabwereranso

Apa kope lija limagwira ntchito yake, chifukwa kutalika kwa masiku kumaloza kumene kuli vuto.

Ikamabwerera pa masiku 18 mpaka 24 mosaphonya, mahomoni ake akuyenda bwino. Kaikirani nthawi yokweretsa, kapena nkhunzi. Amene amabwereka nkhunzi kwa anzawo, kapena kuitana wobaya umuna, amavulala ndi nthawi. Umuna umafuna maola angapo m'thupi la ng'ombe kuti ukhale wokonzeka, ndipo umakhala ndi moyo pafupifupi tsiku limodzi, pamene dzira limatuluka mochedwa n'kufa msanga. Lamulo lakale likugwirabe: mukaiona itaima m'mawa, ibayitseni madzulo a tsiku lomwelo, mukaiona madzulo, m'mawa mwake. Koma ngati ndi nkhunzi, ipititseni pomwepo ikadali kuima, ndipo igone komweko usiku umenewo. Kudikira kuti "tipita mawa dzuwa likazizira" ndi kutaya masiku ena 21.

Ng'ombe zingapo za khola limodzi zikamabwerera, musayambe ndi zazikazi. Nkhunzi ingathe kukwera mwamphamvu umuna wake uli wopanda pake. Umuna umatenga pafupifupi miyezi iwiri kuti upangike, choncho nkhunzi imene inatentha thupi ndi matenda a nkhupakupa, kapena ndi matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amene amabwerabwera kuno mpaka kutsekedwa kwa misika, imatha kukhala yosabereka kwa miyezi iwiri itachira kale. Yopweteka miyendo imangotsatira zazikazi osakwera bwino. Yokalamba, kapena imodzi pa zazikazi zopitirira 30, imalephera kufikira zonse. Igwireni machende: akhale ofanana, olimba bwino, opanda chotupa.

Dzuwa la Okutobala ndi Novembala, pamene kuno kumapitirira madigiri 40, limapweteka mbali zonse ziwiri. Kwa yaikazi limachepetsa estrogen ya m'kathuza, zizindikiro n'kufooka, limawononga dzira lenilenilo, ndiponso limapha kamwana m'masiku ake oyambirira. Popeza kathuza kamatenga milungu yambiri kukula kuchokera pachiyambi, kuwonongekako kumapitirira ngakhale mvula itayamba. Ng'ombe zathu zalinunda zimapirira kutentha kuposa za kunja, n'chifukwa chake ndimadandaula ndikaona munthu akuthamangira mtundu wa mkaka wa kunja weniweni kuno kuchigwa alibe mthunzi kapena madzi okwanira. Siyani mitengo pafupi ndi khola, dyetsani m'mamawa ndi madzulo, masana ziweto zipume, ndipo zimwe mokwanira.

Ikabwerera pa masiku 36 mpaka 48, kawirikawiri ndiye kuti panali ulendo wina pakati umene simunauone. Ikabwerera pa masiku osalongosoka, monga 27 kapena 32, mwina bere linagwira, kamwana kanapereka chizindikiro chake, corpus luteum inakhalitsa, kenako kamwanako kanafa. Zikachitika kamodzi si zachilendo. Zikamachitika pa ng'ombe zambiri zokweredwa ndi nkhunzi imodzi, ganizirani matenda opatsirana pokwerana, trichomoniasis ndi vibriosis, amene nkhunzi imanyamula yokha osaoneka kudwala. Kubwerekana nkhunzi mudzi wonse ndi kumene kumawafalitsa. Ndipo ngati ng'ombe zikupoloza bere litakula, miyezi 6 kupita m'tsogolo, nsengwa n'kumakanirira, uzani alangizi msanga chifukwa angathe kukhala matenda a brucellosis. Ameneyu amagwiranso anthu. Musagwire mwana wopolozedwa ndi manja opanda kanthu, mukwirireni mozama agalu asafukule, ndipo mkaka muziwiritsa.

Mavuto awiri ofuna dzanja la dokotala

Pali ng'ombe imene imafuna nkhunzi masiku ochepa alionse, kulira ngati yamphongo, kukwera zinzake kosalekeza, mpaka tsinde la mchira kutukuka. Kawirikawiri kathuza kanakula koma kusefukira kwa LH kuja sikunabwere, choncho sikanaphulike. Kamangokhala pomwepo, kufika masentimita awiri ndi theka kapena kuposa, n'kumatulutsa estrogen. Ng'ombe zina za vuto lomweli sizionetsa chilichonse, zimangokhala duu. Zimachizika, nthawi zambiri ndi jakisoni wa GnRH, koma poyamba dokotala aipime.

Vuto lina ndi la chiberekero chimene chinalowa matenda pobereka, makamaka ngati nsengwa inachedwa kutuluka kapena thole linachita kukokedwa ndi manja akuda. Mafinya akadzaza, chiberekero sichitulutsa prostaglandin, corpus luteum siifa, ndipo thupi limakhala ngati lili ndi bere. Ng'ombe yotere ingathe kukhala yonenepa bwino, miyezi n'kumapita. Nthawi zina mumaona zoyera ngati mafinya pamene inagona. Apa jakisoni wa prostaglandin ndiye mankhwala ake enieni.

Za majakisoni amenewa ndinenepo mosabisa, chifukwa ayamba kugulidwa mwachisawawa. Prostaglandin ali ndi ntchito imodzi, kupha corpus luteum. Ngati ilipo ndipo yakhwima, ng'ombe imafuna nkhunzi pakatha masiku 2 mpaka 5. Ngati palibe, monga mwa ng'ombe yowonda imene yaima ndi njala, kapena m'masiku asanu oyamba dzira litatuluka, mwataya ndalama. Ngati ng'ombe ili ndi bere la miyezi yoyambirira limene simunalidziwe, mwalichotsa ndi dzanja lanu. Mankhwalawa amalowanso pakhungu la munthu, choncho mayi woyembekezera ndi munthu wa mphumu asawagwire n'komwe. Amene akukuuzani kuti abaye asanalowetse dzanja kuyeza, mukaneni mwaulemu.

Misoti ndi mbuzi

Msoti umayamba kufuna nkhunzi malinga ndi thupi, osati zaka zokha. Umafunika ufike pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulemera kwa make. Misoti yalinunda imachedwa mwachibadwa, ndipo yokulira m'njala ingathe kufika zaka zitatu isanayambe. Idyetseni, ipatseni mankhwala a nyongolotsi, muione ikasintha.

Mbuzi nazo zimazungulira masiku 21, koma zimaima nthawi yaitali, tsiku limodzi mpaka limodzi ndi theka, ndipo sizibisa: zimalira ndi kugwedeza mchira. Zikakhala zii, yesani kuchotsa tonde kwa mwezi wathunthu, kutali poti fungo lake silifika, kenako mum'bweze. Fungo la tonde wobwera mwadzidzidzi limadzutsa LH mwa zazikazi, ndipo zambiri zimayamba kufuna m'masiku ochepa.

Msoti umodzi wokha ndi umene sindingakuuzeni kuti mudikire, uja unabadwa mapasa ndi thole lamphongo. Ali m'mimba awiriwo amagawana magazi, ndipo mahomoni a mwamunayo amalepheretsa ziwalo zoberekera za mkaziyo kukula. Pa misoti 10 yotere, pafupifupi 9 sidzabereka, ngakhale idye bwanji kapena ibayidwe chiyani. Funsani amene anaona kubadwa kwake, makamaka ngati munachita kugula, ndipo alangizi akaupima n'kutsimikiza, umenewo unenepetseni mugulitse.